Mkono wa mwana mumayeza, nanga mimba ya bambo ake?

Pitani pa sikelo ya ana paliponse m'Chigwa cha Shire, kaya ndi kwa Chapananga, kwa Tengani, ku Makhanga kapena pansi pa mtengo wa nimu ku Bangula. Mukapeza mlangizi wa zaumoyo ali ndi katepi ka mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, akukulunga pamkono wa mwana aliyense. Tepi ikagwera pofiira, dzina la mwana lilowa m'kaundula, chiponde chiperekedwa, ndipo chiwerengero chija chikwera mtunda wa pa Thabwa mpaka chikafike ku Capital Hill. Ntchito imeneyi yapulumutsa ana ambirimbiri, ndipo palibe akuinyoza pano.

Koma tayang'anani munthu amene watsika m'galimoto kudzayendera ntchitoyo. Lamba wamangira pansi pa mchombo, mabatani a shati atsala pang'ono kuthothoka, wangoyenda kuchoka pagalimoto kufika pamthunzi koma ali wefuwefu. Amayi pamzere akunong'onezana kuti bwana zikuwayendera. Nanga iyeyu amamuyeza ndani? Tepi yake ili kuti? Pofiira pake pamayambira pati? Chiwerengero cha mimba zotere chimapita ku ofesi iti?

Inu a ku Unduna wa Zaumoyo, inu mabwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje, inu aphungu ndi makhansala, musaseke. Mimba imeneyo mathero ake ndi m'mutu.

Aliyense amene adaimapo pomwe akusenda mbuzi pa Ngabu kapena pa Dyeratu akudziwa kuti mafuta a nyama ali pawiri. Alipo a pansi pa chikopa, otsinika ndi zala. Ndiye alipo ena a m'kati, oyera mbuu, okuta matumbo ndi impso ngati ukonde, omwe aja timalimbirana pa chiwaya. Munthu nayenso ali nawo onse awiri. A pansi pa khungu, a m'matako ndi m'ntchafu, savuta kwenikweni. Oopsa ndi a m'katiwo, amene amatukumula mimba n'kuiumitsa ngati ng'oma. Amenewa sakhala phee ngati chimanga m'nkhokwe. Usana ndi usiku amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa m'thupi, ndipo amathira mafuta mumtsempha wopita ku chiwindi. Chiwindi chikalemedwa, thupi limasiya kumvera insulin, shuga amakwera, BP imakwera, mitsempha imayamba kuuma. Ubongo, umene sulemera ngakhale makilogalamu awiri, umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi, ndipo zonsezo zimadzera m'timitsempha tosachedwa kutsekeka kapena kuphulika. Ukatsekeka mtsempha waukulu, ndiye sitiroko: pakamwa papotoka, mkono walefuka, lilime lalemera. Tikamatsekeka ting'onoting'ono, lero kamodzi, chaka chamawa kena, palibe amene amagwa pansi. Munthu amangoyamba kuiwala pomwe waika ndalama, kenako dzina la mdzukulu wake, kenako njira yobwerera kwawo.

Izi si nkhambakamwa. Ku California, achipatala a Kaiser Permanente adayeza mimba za anthu 6,583 a zaka za pakati pa 40 ndi 45, kuyambira 1964 mpaka 1973. Patapita zaka zoposa 30, ofufuza motsogozedwa ndi Rachel Whitmer adatsata anthu omwewo kuti aone momwe adakalambira. Zotsatira zidatuluka mu 2008. Amene adali ndi mimba zazikulu koposa adadwala matenda oiwala, amene madokotala amati dementia, pafupifupi katatu kuposa anzawo a mimba zazing'ono. Ngakhale amene sikelo inkati thupi lawo n'labwinobwino, malinga adali ndi chimimba, chiopsezo chawo chidali chokwera. Mu 2019 ku Britain adajambula mitu ya anthu oposa 9,000 ndi makina a MRI, napeza kuti onenepa amene mafuta awo adaunjikana m'chiuno adali ndi ubongo wocheperako. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet lidati pafupifupi theka la matenda oiwala lingapewedwe kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14, ndipo pamndandandawo pali kunenepa kwambiri, BP, shuga, kukhalitsa pansi, mowa ndi fodya.

Wina mwa inu ayankha kuti kafukufuku wotere saloza munthu ndi chala. N'zoona. Alipo a chimimba amene amafika zaka 90 mutu uli bwinobwino, alipo owonda amene amagwa sitiroko ali kumunda. Koma nawonso madzi a Ruo ndi Mwanza sagwetsa nyumba iliyonse. Kodi mumadikira mudziwe nyumba yeniyeni imene ikokoloke musanachenjeze anthu pa wailesi?

Ndipo musati simunamve. Mu 2009 unduna wanu womwewo, pamodzi ndi bungwe la WHO, udayeza anthu akuluakulu m'dziko lonse lino n'kupeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, amene adatuluka mu 2018, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni adali onenepa mopyola muyeso, ndipo a kumudzi adali 27 mwa 100. Amenewo ndi a kumudzi, olima ndi khasu, otunga madzi pamjigo. Malipoti onsewa mudawalandira. Nthambi yoona za matenda osapatsirana ku unduna muli nayo. Tsono tiuzeni: kuchokera 2009 kufika lero, mwayeza ziuno zingati ku Nsanje? M'kabuku ka kuchipatala ka mphunzitsi wa ku Ngabu, ndi tsamba liti limene lalembedwa kukula kwa mimba yake? Ndi zipatala zazing'ono zingati za ku East Bank zimene makina oyezera BP ali ndi mabatire lero lino? Munthu akapezeka ndi BP kwa Ndamera mwezi uno, mungalumbire kuti mwezi wamawa akapeza mankhwala omwewo pa zenera lomwelo?

Tikudziwa pothawira panu poyamba. Muti kuno ndi kwa njala. Muti chigwa chimene chidamira mu Januwale 2015, chidamiranso ndi Idai mu 2019, ndi Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, chigwa chimene anthu amapita m'dambo kukazula nyika ng'ona zili pomwepo, sichingakhale ndi nthawi yokamba za kunenepa. Muti tiyambe takhutitsa anthu.

Khomo limenelo n'lotseka. Njala ya mwana ndi chimimba cha bambo ake ndi mphika umodzi. Ku Netherlands kudagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo ili mkati. Ana amene adali m'mimba mwa amayi awo nthawi imeneyo adatsatidwa mpaka kukula, ndipo adapezeka kuti ankanenepa, kudwala shuga ndi mtima kuposa anzawo obadwa njala isanafike kapena itatha. Thupi limene lidayamba ndi usiwa wa chakudya limaphunzira kusunga kalikonse, ndipo likadzapeza mpata limasungira m'mimba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi muno adali opinimbira. Ana amenewo akukula. Mawa akhala a kabaza wa njinga yamoto, ogulitsa m'magolosale pa Nchalo, alonda, makalaliki. Mwana amene mukumupatsa chiponde lero, mudzamuyezanso liti? Kapena udindo wanu umatha tsiku limene tepi yagwera pobiriwira? Mudamupulumutsa ali ndi zaka ziwiri kuti adzafe ziwalo ali ndi zaka 45?

Taonaninso zimene zili m'mbale. Makolo a m'chigwa muno ankadya nsima ya mapira ndi mchewere, mbewu zopirira dzuwa la kuno, zokhalitsa m'mimba. Ndiwo zidali nsomba za mu Shire, khobwe, therere, masamba a chammwamba. Lero ulemu uli pa ufa woyera. Chakudya chotsika mtengo pamsika ndi mandasi, tchipisi zokazingidwa m'mafuta a dzana, tiyi wa masupuni anayi a shuga, ndi zakumwa zotsekemera zimene mwana amagula ndi ndalama ya m'thumba. Mayi amene akunenepa ndi zimenezi si wolemera. Ndi wosauka amene ndalama yake ikukwanira zokhutitsa zokha, osati zomanga thupi. Ndiye mukamabwera ndi thandizo la chimanga ndi mafuta ophikira, zimene anthu akuzifunadi, ndani mwa inu amafunsa kuti m'zaka khumi thandizo la mtundu umodzimodzi likusiya matupi otani? Ngalande yaikulu ya pulojekiti ya Shire Valley Transformation, yochokera pa Kapichira, akuti idzathirira mahekitala oposa 40,000. Mwa amenewo, ndi angati adzalimidwe nyemba, masamba ndi zipatso zodyedwa konkuno? Alipo amene adafunsa a zaumoyo pokonza ndondomeko ya mbewu zake?

Za shuga sitingazilambalale, pakuti tikukhala pakati pa minda yake. Nzimbe za ku Nchalo zimadyetsa mabanja masauzande ambiri ndipo zimabweretsa ndalama zakunja. Palibe wanzeru amene anganene kuti zizulidwe. Funso likupita kwa inu a boma. Kuyambira 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa Vitamin A pofuna kuteteza ana. Cholinga chidali chabwino. Koma uthenga umene udafika kumudzi ndi wakuti shuga ndi mankhwala. Ndani adabwerera kukanena kuti muyeso wake ndi uti? Dziko la South Africa, nalonso lolima nzimbe, lidaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2018. Inu aphungu a m'chigwa muno, mudayamba mwaimirirapo m'Nyumba ya Malamulo kufunsa ngati ifenso tingatero, ndalama zake n'kugulira mankhwala a BP ndi shuga? Ngati simudatero, chikukutsekani pakamwa n'chiyani?

Pothawira pachiwiri ndi ndalama. Muti zoyeza ubongo zimafuna makina a mamiliyoni amene ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje. Ndiye chifukwa chake tikulankhula. Munthu wa kwa Nyachikadza akagwa sitiroko, ulendo wake umayamba ndi bwato. Pofika pamene pali dokotala, mbali ya ubongo imene idafa idafa basi, siidzukanso. Kwa munthu wotere chithandizo chenicheni ndi chimene chikadabwera zaka khumi m'mbuyomo, ndipo chida chake ndi tepi ya telala. Bungwe la WHO limati chiopsezo chimayamba chiuno cha bambo chikapyola masentimita 94, cha mayi chikapyola 80. Ku Britain, kuyambira 2022, alangizi a boma pa zaumoyo adaziphweketsanso: chiuno chako chisafike theka la msinkhu wako. Apa ngakhale tepi siyofunika. Tenga chingwe, yeza kuyambira kuphazi mpaka pamutu, chipinde pawiri, uchikulunge pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakanika kukumana, pita ukayezetse BP ndi shuga. Kupatula amayi oyembekezera, wamkulu aliyense angadziyeze yekha kuseri kwa nyumba. Chingwe chimadikira ndalama za World Bank? Chimafuna ndalama zakunja? Chimafuna msonkhano wa masiku atatu ku Mangochi, ndi maalawansi ake, ndi nyama zitatu pa nkhomaliro?

Njira yake mudaionanso kale ikuyenda. Ku Neno, kumtunda kwa mtsinje womwewu wa Shire, kuyambira 2015 unduna wanu pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adatenga kiliniki ya ma ARV n'kuisandutsa ya matenda onse a mgonagona: BP, shuga, khunyu, mphumu, onse khomo limodzi, kaundula mmodzi, wotsata odwala kumudzi mmodzi. Neno ndi boma losauka, la misewu yovuta. Chimene chidatheka ku Lisungwi, ku Neno komweko, chikukanika bwanji ku Ngabu? Dziko limene lidakwanitsa kupeza munthu wa HIV kumudzi wakutali, kumupatsa mankhwala mwezi ndi mwezi, ndi kumulondola akajomba, lingauze ndani kuti silidziwa kusamala matenda okhalitsa?

Mliri womwewo wa Edzi udatisiyira chipsera china chimene simufuna kuchikhudza. M'zaka zimene tinkaika maliro tsiku ndi tsiku, kuwonda kudasanduka mlandu. Munthu akatsika thupi pang'ono, anthu ankayamba kunong'ona za kaliwondewonde. Kunenepa kudakhala umboni wakuti uli bwino, ndipo mpaka lero mkazi akawonda pabanja, akuchimuna amafunsidwa ngati akumudyetsa. Ndiye mukamuuza mayi wa pa Miseu Folo kuti achepetse thupi, mukudziwa chimene mukumupempha? Mukumupempha kuti alole kunenedwa. Mwakonza mawu otani oti mumuthandize nawo? Mu 2019 dziko lino lidasintha ma ARV n'kuyamba kupereka okhala ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu, opulumutsa moyo, ndipo amene akumwa asayerekeze kusiya. Koma kafukufuku wa ku Johannesburg adaonetsa chaka chomwecho kuti ena, makamaka amayi, amanenepa nawo kwambiri. Anthu amenewa amabwera okha kuchipatala, tsiku lodziwika, kabuku kali m'manja. Mumawakweza pa sikelo, inde. Chiuno mumayeza? BP mumayeza ulendo uliwonse? Kapena mukaona thupi likubwera mumangoti mankhwala awayanja?

Chonde, pobwera ndi uphungu musatitengere wa ku Area 10 wakuti aliyense azithamanga m'mawa. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mayi amene wapalasa njinga kuchoka kudimba atasenza mtolo wa nkhuni safunika kuuzidwa za masewera olimbitsa thupi. Iye vuto lake lili m'mbale ndi mumchere, pena ngakhale m'madzi, pakuti mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo tikadakonda kumva ngati alipo amene akuyeza BP ya anthu omwa madzi amenewo chaka ndi chaka. Ofunika kudzutsidwa pampando ndi ena: wa mu ofesi, wa m'sitolo, dalaivala, wogula thonje ndi ng'ombe, amene madzulo aliwonse amathera pa kanyenya ndi botolo. Amenewa amadziwika ndi mayina, ndipo ambiri a iwo amakhala nanu pa tebulo limodzi.

Tsopano tifike pamene pakuwawa. Ubongo ukawonongeka, mudzi sukhala chete, umapeza dzina lake. Bambo wa zaka 50 akagwa mwadzidzidzi pakamwa patapotoka, anthu amati amumenya hamala, ndipo asanafunse za BP amayamba afunsa kuti adakangana ndi ndani za malire a munda. Gogo akayamba kuiwala, kutuluka usiku, kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ali chinochino, akulankhula ndi anthu amene adamwalira kalekale, sitinena kuti wadwala. Timati wagwa pa ndege ya ufiti. Akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse, poti mutu sukugwiranso. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zidaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo pozinamizira kuti zidatumiza mphenzi, ndipo bungwe loimira achikulire la MANEPO lakhala likulira chaka ndi chaka kuti achikulire akuphedwabe pa milandu yotereyi. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Mu 2024 mudakhazikitsanso lamulo loteteza achikulire. Mapepala alipo. Koma ndi wapolisi uti pa Chiromo kapena pa Marka amene adaphunzitsidwa kuzindikira gogo wodwala matenda oiwala? Ndi nyakwawa iti imene idauzidwapo kuti kusochera usiku ndi chizindikiro cha matenda? Inu mafumu, kuyambira kwa a Lundu mpaka kwa a Malemia, pa milandu ya ufiti imene imafika pabwalo panu, ndi ingati imene mudaimitsa n'kunena kuti munthuyu ayambe waonedwa ndi dokotala? Inu abusa ndi mashehe, mukamasanjika manja pa wakufa ziwalo, mumafunsako ngati akumwa mankhwala ake a BP?

Timanyadira kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambolo likauma chifukwa cha matenda amene tikadawachedwetsa, ndife tomwe timalitentha. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali ndi matenda oiwala, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ku Chikwawa alipo angati? Ku Nsanje alipo angati? Boma la Chikwawa lafufuzidwa za malungo kwa zaka zambiri, udzudzu wake udawerengedwa mpaka m'midzi yozungulira Majete, ndipo maboma onse awiriwa adali m'gulu la oyamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Luso lowerenga lilipo. Bwanji silifika pa agogo?

Mwina yankho lake n'losavuta, ndipo n'lochititsa manyazi. Nkhani ya mwana wonyentchera imakambika bwino chifukwa wolankhula ndi wodwala ndi anthu awiri osiyana. Nkhani ya chimimba imavuta chifukwa wogwira maikolofoni ndiye mwini nkhani. Ndipo inu mukamva chizungulire, pali chipatala cholipira ku Blantyre, pali ndege ya ku India kapena ku Johannesburg. Mphunzitsi wa kwa Mbenje alibe ndege. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri bajeti yathu siifikapo. Pa zochepa zimene zimaperekedwazo, ndi zingati zimatsika mtunda wa pa Thabwa kudzagula mankhwala a BP?

Sitikupempha chipatala chatsopano. Mlangizi aliyense amene ali ndi tepi ya mwana apatsidwenso ya wamkulu. Chiuno ndi BP zilembedwe m'kabuku ka munthu aliyense wa zaka 30 kupita m'tsogolo, kaya wabwerera malungo, kaya wangoperekeza mwana. Wopezeka ndi vuto apeze mankhwala mwezi uno ndi wamawa. Ndipo pa msonkhano wotsatira wa khonsolo, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pemphero lotsegulira likangotha, wina atulutse chingwe. Muyambe ndinu, bwana wapampando, anthu akuona.